Ngozo Sakwatira Nangozo

Mu mpingo wathu, kuno ku mapiri a Ntcheu, muli banja lina la anthu okalamba limene lakhala mu ukwati zaka zoposa 50. Maina ao sitiwatchula. Tingowaitana monga tiwaitanira masiku onse, ndi mfunda. Bambo ndi a Ngozo, mai ndi Naphiri. Ndi anthu a khasu, olima mbatatesi ndi kabichi, osaphonya mapemphero. Pa gule wa ngoma a Ngozo sakhala pansi ngakhale maondo adafooka: atenga chishango ndi chibonga, naponda pansi monga Mngoni weniweni.

Chaka chatha mdzukulu wao wamkazi, wobadwa kwa mwana wao wamwamuna wachisamba, anabwera kuchokera ku Lilongwe kumene agwira ntchito, ndi mau akuti mnyamata wina wamfunsira mbeta. Mnyamatayo ndi Mkhristu, wa ku Ntcheu konkuno, wakhalidwe losadandaulitsa. Onse anakondwa kufikira pamene agogo anafunsa mfunda wake. Atamva kuti nayenso ndi Ngozo, nkhalambayo inangoti, "Ngozo sakwatira Nangozo. Amenewo ndi munthu ndi mlongo wake." Ankhoswe anasowa poyambira. Anawo anati za mfunda nzachikale, ndipo ngati mpingo ndi makolo akana, iwo akamangitsa ukwati wao ku boma. Pakhomo panalowa chisanu, mwana ndi atate ake osalankhulana.

Pamenepo ankhoswe anatipeza ife. Anati, "Inu aphunzitsi, ndinu akulu a mpingo, cholembera mulinso nacho. Tithandizeni kulondola makolo a banjali, tione ngati pali magazi amodzi ndi mnyamatayu." Tinagula kope la ana a sukulu, ndi kuyamba ntchito imene tinkayesa ya Loweruka limodzi. Inatitengera miyezi inai.

Awerengi a madera ena adziwe kuti kwathu kuno munthu amawerengedwa mbali ziwiri. Angoni adabwera ndi mwambo wa malowolo, wowerenga ana kuchimuna. Achewa ndi Antumba amene adawapeza kuno amawerenga kuchikazi, mwa mbumba ndi mwini mbumba. Miyambo iwiriyi idasakanizika, kotero kuti lero m'midzi yambiri mwamuna apita ku chikamwini, munda ndi wa kwa amai, koma mfunda mwana atenga wa atate ake. Wofuna kudziwa chibale ayenera kuyenda njira zonse ziwiri.

Tinayamba ndi Naphiri, ndipo kumeneko ntchito inali yopepuka. Ali chikhalire pa mphasa, akusola nyemba, anatchula amai ao, agogo ao, amake a agogo, mpaka akazi asanu otsatizana, ndi ana a mkazi aliyense, ndi kumene manda ao ali. Woyamba wa iwo adachokera kutsidya la malire, ku Angonia, pamene kudalibe wofunsa chiphaso. Koma titafunsa za amuna a akazi amenewa, Naphiri anaseka. "Akamwini adali kubwera ndi kupita, tambala sakhala ndi anapiye." Mwa amuna asanu anatha kutchula awiri okha. Atate ao enieni sadawadziwe bwino. Adapita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, Naphiri akali kumbuyo, ndipo adachona. Chimene chidatsala ndi kalata imodzi yofiirira imene amai ao adaisunga m'kati mwa Buku Lopatulika, yonena kuti mwamunayo apemphera ndi anzake a ku Nyasaland mu mpingo wa kumeneko. Mpingowo ndi uja adauyamba mbusa T.C.B. Vlok mu 1912 chifukwa cha anthu athu ogwira ntchito ku Rhodesia, umene lero uli Sinodi ya Harare. Kalata ina siidabwerenso. Komabe cholinga chathu chinatheka: m'mbumba yonse ya Naphiri munalibe dzina lokhudza amai a mnyamata uja.

Mbali ya a Ngozo ndiyo inatitulutsa thukuta. Zaka zinavuta poyamba, chifukwa makolo athu sadali kuwerenga zaka ndi manambala. Ngakhale chaka cholembedwa pa chiphaso cha unzika, chimene tidalembetsa tonse mu 2017, kwa okalamba ambiri nchongoyerekeza. Njira imene tinapeza yothandiza ndiyo kufunsa kuti, "Kudachitika chiyani nthawi imeneyo?" A Ngozo adabadwa chaka cha njala yaikulu, ndiye 1949. Adakwatira chaka chimene adalephera kupita ku Joni, pakuti ndege ya Wenela yonyamula anthu athu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown, nafa Amalawi oposa 70, boma ndi kuletsa kulemba anthu a ku migodi, ndiye 1974. Iwo amati ndegeyo ndiyo idawapatsa mkazi. Atate ao adabadwa pa nthawi ya fuluwenza, imene idasesa dziko lino kumapeto a 1918 ndi kuchiyambi kwa 1919. Agogo ao adasenza katundu wa asilikali monga atengatenga pa nkhondo ya Jeremani ya 1914 mpaka 1918. Mwa njira iyi mibadwo itatu inaima pa malo ake.

Kenaka tinapita kukaona mabuku a mpingo. Uthenga Wabwino udafika msanga m'boma lino. A mishoni ya Livingstonia adatsegula malo ku Livulezi mu 1887, ndipo patapita zaka zochepa adawapereka kwa a mishoni ya Dutch Reformed, amene adamanga Mlanda mu 1902. Akatolika adafika pa Nzama mu 1901, ndipo padalinso a Zambezi Industrial Mission pa Dombole ndi pa Ntonda, ndi mishoni ya pa Gowa. Onsewa adali kulemba maina a obatizidwa ndi okwatitsidwa, kotero kuti kwa mabanja ambiri a kuno buku la mpingo ndilo pepala loyamba pamene dzina la kholo lao lidalembedwa. Pa mpingo wina wakale, umene sitiutchula, abusa anatitsegulira kabati mokoma mtima. Tinapeza ukwati wa atate ndi amai a a Ngozo, ndi maina a ankhoswe ao. Koma buku lakale koposa, limene tinkalifunitsa, chiswe chidadya masamba ake a pakati. Tikunena izi ndi manyazi, pakuti kabati wa pa mpingo wathu titakamuona pobwerera, sanali wabwino kuposa ameneyo. Pali msampha winanso: munthu pobatizidwa adali kutenga dzina la m'Baibulo, ndipo m'buku mulembedwa Yohane kapena Davide pamene kumudzi amkumbuka ndi dzina lina. Popanda wokalamba wolumikiza maina awiriwo, bukulo likhala losalankhula.

Pa agogo a a Ngozo mzere unaduka. Titafunsa kuti atate a agogowo adali yani, a Ngozo anayankha molimba mtima kuti adali wankhondo wa Chikuse wa pa Domwe, koma dzina sanalidziwe. Ife tinadabwa, chifukwa Mngoni satha kuiwala dzina lachimuna. Amaiwala la mkazi.

Tiyenera kukumbutsa achinyamata mbiri ya mtunduwu mwachidule. Angoni a Maseko adachokera kummwera kwa Afrika, naoloka Zambezi, nayenda mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mfumu yao Mputa itaphedwa kumeneko, Chidyaonga adabwerera nao nakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870. Phirili lili m'dziko la Mozambique chifukwa cha malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adapangana mu 1891. Pambuyo pa Chidyaonga adalowa Chikuse, mwana wa Mputa, ndipo iye atamwalira mu 1891 padabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa Gomani ndi Kachindamoto. Gomani woyamba adaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu Okutobala 1896. M'zaka zonsezi mtundu udali kukula ndi anthu ogwidwa pa nkhondo, makamaka akazi ndi ana. Mai wina wa ku Mangalande, Margaret Read, amene adakhala pakati pa anthu a Gomani wachiwiri m'zaka za m'ma 1930, adafotokoza m'buku lake la 1956 lotchedwa The Ngoni of Nyasaland kusiyana kwa mabanja amene adachokera kummwera ndi unyinji wa anthu amene adalowa m'mtunduwo m'njira.

Naphiri ndiye anatiloza kumene tikapeze yankho. Anauza amuna ao kuti, "A Ngozo, azakhali anu akali moyo. Bwanji osapita nao aphunzitsiwa?" Azakhaliwo ndi mlongo wa atate a a Ngozo, chitsiriza m'mimba ya mkazi wachiwiri, wa zaka zoposa 90, wokhala kunsi ku Bwanje. A Ngozo anazengereza milungu iwiri. Tiyesa mtima wao udali kudziwa kanthu.

Tinawapeza agogowo ali pakhonde, maso adachita khungu koma mutu uli wangwiro. Ulendo woyamba sanatiuze kanthu. Anatifunsa za mvula ndi za mtengo wa fetereza, natipatsa nthochi. Ichi achinyamata achidziwe: wokalamba safunsidwa monga mufunsira mwana wa sukulu pa mayeso. Mukhale pansi, mudye chimene akupatsani, mubwerenso. Ulendo wachiwiri, a Ngozo atafotokoza za mdzukulu uja ndi kuti ukwati waima, agogowo anakhala chete nthawi yaitali, nati, "Mwana wa mlongo wanga, sendera kuno. Atate adatiletsa kunena izi, koma sindingapite nazo kumanda ana akuvutika."

Anati atate ao sadabadwire pa Domwe. Adagwidwa ali kamwana kongotha kuyenda, m'mudzi wina wa kutsidya la Shire, amai ao atathawira ku phiri ndi khanda kumbuyo. Chimene adali kukumbuka ndi utsi, ndi kuoloka madzi ambiri atakhala pa mapewa a munthu wonunkha zikopa. Wankhondoyo adakampereka kwa mkulu wina wa mfunda wa Ngozo amene mkazi wake adalibe mwana wamwamuna. Adakulira m'khola la ng'ombe za mkuluyo, naboola makutu monga anzake, natenga mfunda wa pakhomopo, pakuti wake sadaudziwe. Mkuluyo ndiye adamlowolera mkazi woyamba. Mabuku a mbiri anena kuti mu 1884 ankhondo a Chikuse adaoloka Shire nathira nkhondo midzi ya ku mapiri a Zomba ndi Blantyre, ndipo msinkhu wa agogowo ugwirizana ndi chaka chimenecho. Mau onsewa tinawajambula pa lamya ya m'manja, agogowo atalola, ndipo tinawalembanso m'kope usiku womwewo.

Pobwerera a Ngozo sanalankhule njira yonse kuchokera ku Bwanje. Titatsika galimoto anatifunsa motsitsa mau, "Aphunzitsi, tsono chishango chija ndichitaye?" Tivomere kuti tinasowa choyankha, ndipo usiku umenewo tinadzifunsa ngati tinachita bwino kuyamba ntchitoyi. Kufukula za makolo sikuli kusewera. M'midzi mwathu mau akuti kapolo akali kuluma, ndipo alipo anthu amene angagwiritse mbiri yotere polanda mnzao munda kapena ufumu. Nchifukwa chake zimene zilembedwa m'kope lotere ziyenera kukhala za eni ake, ndipo ifenso talemba nkhani ino a Ngozo atativomereza.

Abusa anawachezera sabata lomwelo, nawerenga nao mutu woyamba wa Mateyu, ndime zija zimene ambiri timazilumpha chifukwa cha kuchuluka kwa maina. Anawaonetsa kuti m'mzere wa makolo a Ambuye muli Rahabu wa ku Yeriko ndi Rute wa ku Moabu, anthu a mitundu ina amene adalowa m'banja la Israyeli nawerengedwa momwemo. Koma amene anathetsa nkhaniyi ndi Naphiri. Anati, "Ine ndidakwatiwa ndi a Ngozo, ndipo zaka zonsezi ndathokoza a Ngozo pa chakudya. Amene adalera ndiye kholo. Kapena mufuna ndiyambe lero kukuitanani dzina limene ngakhale agogo anu sadalidziwe?"

Panatsala funso limodzi, limene ankhoswe a kuchimuna analidzutsa mwanzeru: ngati mnyamatayo ali wa nyumba ya mkulu uja amene adalera agogo, chibale chilipobe, pakuti oleredwa pa khomo limodzi ndi abale ngakhale magazi asiyane. Iwonso anakafunsa okalamba ao. Anabwera ndi maina asanu achimuna otsatizana ndi midzi imene adakhalamo, ndipo titayala makope awiriwo pa tebulo la m'chipinda cha akulu a mpingo, panalibe dzina kapena mudzi wokumana. Akulu a mpingo sanapeze choletsa. A Ngozo anapempha kuti iwo eni ndiwo akauze mdzukulu wao, ndipo anamuuza zonse, osabisa za kutsidya la Shire. Ukwati unalengezedwa masabata atatu, ndi kudalitsidwa m'mwezi wa Okutobala. Pa madyerero nkhalambayo inavina ngoma ndi chishango chake.

Azakhali aja sanauone ukwatiwo. Anatisiya m'nyengo yachisanu, patapita milungu isanu ndi umodzi chichezereni nao. Kope lili ndi mdzukulu uja tsopano, ndipo akulilemba pa kompyuta kuti atumize kwa abale a ku Johannesburg. Ife tapangana ndi a Ngozo kuti akakolola mbatatesi tidzapite ku Zomba, ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, kukaona mabuku a boma a chigawo chimene Azungu adali kulemba Ncheu. Iwo apempha kuti pa ulendowo tidzatsike pa mlatho wa ku Liwonde, akaone madzi a Shire ali chiimire.