Phindu la mbuzi limayambira pa sikelo

Ochita malonda ambiri m'misika ya Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda m'boma la Mchinji amaika mpamba wawo mu mbuzi nyengo yogula soya ndi mtedza ikatha. Koma phindu la mbuzi yaikazi lili mwa mwana wake. Mbuzi imakhala ndi bere pafupifupi masiku 150, choncho mwana akafa, miyezi isanu yodikira yapita pachabe.

Mmera mpoyamba. Mwana wa mbuzi ayenera kuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira atangobadwa, chifukwa ndi umene umamuteteza ku matenda. Mchombo upakidwe mankhwala a ayodini kuti tizilombo tisalowe. Akabadwa mapasa, mwiniwake aonetsetse kuti wamng'onoyo sakulandidwa bere.

Chida choyezera kakulidwe wamalonda ali nacho kale: sikelo yokoloweka yomwe amapimira mtedza. Mwanayo aikidwe m'thumba mutu uli kunja, apimidwe tsiku lobadwa, kenako sabata iliyonse, ndipo kulemera kwake kulembedwe m'kope. Mwana wa mbuzi zachikuda amabadwa ndi makilogalamu pafupifupi awiri. Nambala ikaima kapena kutsika, ndiye kuti mkaka ukuchepa kapena matenda alowa, ngakhale maso asanaone kanthu.

Zizindikiro zina n'zosavuta. Ndowe zomata kumchira zimasonyeza kutsekula m'mimba. Kutsokomola ndi mamina zingakhale chibayo, chimene chimakonda khola lonyowa ndi lozizira. M'kati mwa chikope mukayera mmalo mofiira, magazi achepa, ndipo kawirikawiri zimachititsa ndi nyongolotsi, zomwe zimachuluka nthawi ya dzinja. Apa mlangizi wa ziweto aitanidwe msanga. Mankhwala ongoganizira amadya ndalama mwana n'kufabe. Khola lam'mwamba limathandiza chifukwa ndowe zimagwera pansi ndipo ana amagona pouma.

Wogula mbuzi yoyamwitsa pamsika aone zomwezi asanatulutse ndalama: mimba ya mwana ikhale yokhuta, mchombo wouma, ndipo mawere onse awiri a mayi azitulutsa mkaka. Wogula kuti akagulitse ku Lilongwe asaiwale chiphaso choyendetsera ziweto chochokera ku ofesi ya zaulimi.

Mitengo ya mbuzi imakwera pa Khirisimasi ndi pa Eid. Amene amadzaitanira mtengo wabwino nthawi imeneyo ndi amene ana a mbuzi zake anapulumuka miyezi itatu yoyambirira akukula bwino.