Masipika akale otayidwa chifukwa cha kasiponji

Sipika ya zaka 40 imene yagona m'galaja, fumbi lili mbuu, kawirikawiri imakhala isanafe. Mukachotsa kansalu kakumaso mumapeza kuti siponji yozungulira koni, pepala lolimba lija limene limanjenjemera potulutsa besi, yafumbwa, ndipo kungoikhudza ndi chala imayoyoka ngati chigumu chouma. Mwiniwake anamva besi ikuphwephwetera, nati basi yatha ntchito. Koma maginito, koyilo ndi bokosi zili bwinobwino. Apa ndi pamene anthu okonda nyimbo koma a m'thumba mopepuka akupezerapo mwayi, m'masitolo a katundu wakale ku Britain ndi ku South Africa, ngakhalenso pa benchi ya wokonza mawailesi pamsika.

Masipika oika pashelefu anayamba ndi munthu mmodzi wamakani. Chisanafike chaka cha 1954, wofuna besi yakuya ankagula chibokosi chotenga malo a mpando wonse m'nyumba. Edgar Villchur, amene ankaphunzitsa za kamvekedwe ka mawu ku New York, anaona kuti vuto linali pa zogwirira koni: zinali zolimba, ndipo koni ikayenda kwambiri zinkapotoza mawu. Iye anazifewetsa, n'kutsekera koniyo m'bokosi losatuluka mpweya. Koni ikalowa mkati, mpweya wopanikizikawo umaikankha kuti ibwerere pamalo pake, ndipo kuti mpweyawo ukhale ndi mphamvu yokwanira bokosilo liyenera kukhala laling'ono. Makampani amene anawafikira ndi nzeruyi anamukana, choncho iye ndi wophunzira wake Henry Kloss anayambitsa yawo, Acoustic Research (AR), ku Cambridge m'boma la Massachusetts.

AR-1 inatuluka mu 1954, AR-3 mu 1958. Pofuna kutsimikizira anthu, kampaniyo inkaika oimba a Fine Arts Quartet pansanja pamodzi ndi masipika ake. Pakati pa nyimbo oimbawo ankangoyerekeza kuimba, mawu akuchokera m'masipika, ndipo omvera ankayesa kulota pamene kusinthako kwachitikira. Pofika 1966, pafupifupi sipika imodzi mwa zitatu zilizonse zogulidwa ku America inali ya AR. Dzina loti "yapashelefu" lisakupusitseni: AR-3 imodzi imapyola makilogalamu 20, ndipo shelefu ya mabuku wamba singaipirire.

Kloss sanakhalitse. Mu 1957 anakayambitsa KLH ndi anzake awiri, kenako Advent mu 1967, ndipo sipika yake ya Advent ya mu 1969 inalowa m'zipinda zosawerengeka za ophunzira a m'makoleji. Chaka chomwecho Dynaco inatulutsa A-25, yopangidwa ku Denmark, pamtengo wa madola 79.95 imodzi. Ku Britain kunali Wharfedale, imene Gilbert Briggs anayambitsa ku Yorkshire mu 1932, KEF ya Raymond Cooke ya mu 1961 ku Maidstone, Celestion ndi Ditton 15 yake, ndiponso Mission imene inabwera mu 1977. Kasipika ka Wharfedale Diamond, kotuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kanakondedwa mwakuti dzina lake likugulitsidwabe pa masipika atsopano mpaka lero.

Kuchuluka kwake ndi kumene kukutchipitsa masipikawa. Anapangidwa mazana a zikwi, ndipo eni ake akamasamuka kapena akamwalira, ana sadziwa chochita nawo. Koma si onse. LS3/5A, imene a BBC anakonzera magalimoto awo oulutsira mawu kunja kwa situdiyo cha m'ma 1970, yasanduka chuma cha osonkhanitsa zakale ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Yamaha NS-10M ya koni yoyera, ya mu 1978, inatchuka m'masitudiyo ojambulira nyimbo ndipo nayo inakwera, ngakhale kuti ambiri oimva koyamba pabalaza amati mawu ake ndi olasa m'makutu. Wofuna zotsika mtengo achita bwino kusiya mayina amenewa, n'kuyang'ana azing'ono awo: AR-4x, AR-18, KEF Coda, Wharfedale Denton kapena Linton, Smaller Advent, kapenanso Realistic Minimus 7 wa bokosi la aluminiyamu amene ankagulitsidwa m'masitolo a Radio Shack. Minimus 7 alibe besi yogwedeza nyumba, koma mawu a munthu ndi gitala amawatulutsa moyera.

Pogula, dzina limabwera pambuyo. Choyamba ndi kuchotsa kansalu ndi kuona chimene chazungulira koni. Ngati ndi siponji, monga pa Advent ndi AR-18, dziwani kuti imafumbwa ikatha zaka 15 kapena 20, ndipo kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa. Labala, monga pa Dynaco A-25, ndi nsalu yomatidwa, monga pa AR-4x ndi ma KLH akale, zimakhalitsa kwambiri. Kenako ikani zala mofanana mbali zonse za koni ndi kukankha pang'onopang'ono. Iyenera kulowa mwakachetechete. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ikukhula maginito, mwina inapsa chifukwa mwiniwake anapitiriza kuliza siponji itatha kale, ndipo kukonza kwake ndi nkhani ina. Pa bokosi lotseka la mtundu wa Villchur, mukachotsa zala koni iyenera kubwerera mosathamanga. Ikabwerera nthawi yomweyo, mpweya ukuthawira penapake.

Batire la tochi la 1.5V limathandizanso. Mukaligunditsa kamodzi pa mawaya a sipika, koni imati phu n'kusuntha, kusonyeza kuti koyilo sinaduke. Twita, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala, imafuna nyimbo ndi khutu pafupi. Twita yakufa ndiyo yoopsa, popeza yofanana nayo ya mtundu womwewo imasowa, ndipo yoikapo ina imasintha mawu onse.

Siponji yatsopano imagulitsidwa pamodzi ndi guluu wake malinga ndi kukula kwa koni, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa sipika. Ntchitoyo imafuna kudekha kuposa luso: kupala zotsalira zakale, kumata mkombero wamkati, kudikira kuti uume, kenako kumata wakunja koni ili pakatikati kuti koyilo isakhule. Amisiri ena akasowa siponji amamata chidutswa cha chubu cha njinga. Sipika imalira ndithu, koma chubu ndi cholimba, ndipo besi yakuya imene Villchur anavutikira imathera pomwepo. Mkati mwa bokosi mulinso makapasita amene amagawa mawu pakati pa koni yaikulu ndi twita. Akale amauma, mawu n'kumamveka ophimbika, koma kuwasintha ndi ntchito yachidule kwa aliyense wodziwa kuotcherera mawaya. Pa ma AR akale, kabatani kakumbuyo kosinthira mphamvu ya twita kamachita dzimbiri, ndipo twita yooneka yakufa imadzuka kakangotsukidwa.

Bokosi nalo liyang'aneni kunsi. Ambiri anapangidwa ndi matabwa oumba ndi utuchi, amene akamwa madzi amafufuma osabwereranso. M'madera a chinyezi ngati Nkhotakota, sipika yoikidwa pasimenti sichedwa kutupa m'makona.

Otsatsa malonda a gumbagumba zamakono amalemba mawatsi zikwizikwi a PMPO pakatoni, nambala imene siuza wogula kanthu za mphamvu yeniyeni. Masipika akalewa amakhutira ndi ampu ya mawatsi 20 mpaka 50 enieni mbali iliyonse. NAD 3020 ya mu 1978, imene inalembedwa mawatsi 20 okha, inayendetsa ambiri a iwo. Mabokosi otseka amadya mphamvu yochulukirapo kuposa okhala ndi kabowo, ndipo sipika ya ma ohm 4 imatenthetsa ampu yopangidwira ma ohm 8 okha, choncho zolembedwa kumbuyo kwa zonse ziwiri ziwerengedwe. Masipikawo salumikizidwa ku magetsi a pakhoma, ndiye ochokera dziko lililonse amagwira ntchito kulikonse. Ampu ndiyo yofunika kusamala: yopangidwira msika wa ku America imafuna 120V, ya msika wa ku Japan 100V, pamene soketi za ku Malawi, Zambia ndi Britain zimapereka 230V, ndipo yoteroyo ikalowetsedwa popanda thiransifoma imatha kupsa nthawi yomweyo.