Pascal Siakam: Mkhalakale wa Basiketibolo Amene Anakulira ku Seminale

Aliyense woyenda m'misika ya ku Kamwala waonapo malaya opanda manja, olembedwa manambala aakulu kumsana, ali lende pakati pa zovala za salaula. Anyamata athu a ku Kamwala, Kabwata ndi Chelstone amawagula ndi kuwavala monyadira, ndipo ena amadzuka usiku pakati, makolo ali mtulo, kuti aonerere masewera a basiketibolo a ku America a bungwe la NBA. Kukaca mkangano umabuka pa funso lakuti katswiri weniweni ndani, ndipo kawirikawiri wopambana mkanganowo amakhala wofuula kwambiri. Mwezi uno tasankha kupenda modekha wosewera mmodzi wa kuno ku Africa, Pascal Siakam wa ku Cameroon, kuti tione pamene pali mphamvu zake ndi pamene amaperewera. Tikukhulupirira kuti makolo ndi ana omwe apezapo cokambirana.

Mwana amene anayembekezeka kukhala wansembe

Siakam anabadwa pa 2 Epulo 1994 mumzinda wa Douala. Atate ake, a Tchamo Siakam, amene anakhalapo meya wa tauni ya Makénéné, anamutumiza ku seminale yaing'ono ya Andrea Woyera ku Bafia ali ndi zaka 11, poyembekeza kuti m'banjamo mudzatuluka wansembe. Akulu ake atatu anapita kukasewera basiketibolo m'mayunivesite a ku America, koma iye mtima wake unali pa mpira wa miyendo. Atafika zaka za unyamata anazindikira kuti unsembe sunali maitanidwe ake, komabe anatsiriza maphunziro ake kuseminaleko mu 2012.

Basiketibolo anaiyamba mocedwa, ali ndi zaka pafupifupi 17. Luc Mbah a Moute, mnzake wa ku Cameroon amene anali kale mu NBA, ndiye anamuona pa msonkhano wophunzitsa acinyamata, ndipo mu 2012 anaitanidwa ku msonkhano wina waukulu ku Johannesburg. Kucoka apo anapita ku Texas, kenaka ku yunivesite ya New Mexico State. Mu Okutobala 2014 atate ake anamwalira pa ngozi ya galimoto, ndipo iye analephera kupita ku maliro cifukwa ca mavuto a ziphaso zobwererera ku America. Nambala 43 imene amavala ndi cikumbutso ca banja: 4 ikuimira atate ndi akulu ake atatu, 3 ikuimira amai ndi alongo ake awiri. Mu 2016 timu ya Toronto Raptors inamusankha pa nambala 27, kutanthauza kuti acinyamata 26 anaoneka oposa iye caka cimeneco.

Nchito ya fowadi

Kwa awerengi amene masewerawa sanawazolowere, timu imakhala ndi osewera asanu m'bwalo. Awiri aafupi ndi ocenjera amayendetsa mpira, mmodzi wamtali koposa amaima pafupi ndi dengu, ndipo awiri otsalawo ndiwo mafowadi. Dengulo limakhala pamwamba mamita 3.05. Woponya ali pafupi amapata mapointi awiri, woponya ali kunja kwa mzere wokhota amapata atatu. Fowadi amayenera kucita pang'ono pa ciliconse: kugoletsa, kuchinga adani, kutola mpira umene wagunda dengu n'kubwerera, ndi kupatsira anzake. Siakam, amene ndi wamtali mamita 2.03, amasewera malo amenewa.

Mphamvu zake

Mphamvu yake yoyamba ndi liwiro. Timu yake ikangolanda mpira, iye amakhala atafika kale ku dengu la adani pamene osewera aatali anzake akali kutembenuka. Mapointi ambiri amawapeza motero, popanda luso lodabwitsa, koma cifukwa cosatopa kuthamanga. M'nyengo ziwiri zotsatizana, ya 2021-22 ndi ya 2022-23, palibe wosewera mu NBA yonse amene ankakhala m'bwalo nthawi yaitali kuposa iye: mphindi zoposa 37 mwa mphindi 48 za masewera alionse.

Yaciwiri ndi kaponda ka mapazi. Akayandikira dengu amatsamira mdani ndi phewa, kenaka n'kuzungulira ngati nguli, mdaniyo n'kutsala akuyang'ana kumene kulibe munthu. Wamfupi amamuposa msinkhu, wamtali amamuposa liwiro, motero aphunzitsi a matimu ena amavutika kusankha womulonda. Pa 21 Disembala 2022 anagoletsa mapointi 52 pa masewera amodzi ku New York.

Yacitatu, imene ife tikuiona yaikulu, ndi kuphunzira. M'nyengo ya 2017-18 ankagoletsa mapointi 7 okha pa masewera, ndipo mwa mipira 100 yoponya ali patali, 22 yokha ndiyo inkalowa. Nyengo yotsatira mapointi anafika pafupifupi 17, mipira yolowa inafika pafupifupi 37, ndipo analandira mphotho ya wosewera amene wapita patsogolo koposa. Caka comweco ca 2019 anagoletsa mapointi 32 pa masewera oyamba a ndime yotsiriza polimbana ndi Golden State Warriors, ndipo Toronto inatenga cikho kwa nthawi yoyamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zofooka zake

Sitingakhale oona mtima tikabisa mbali inayo. Kuponya ali patali kwakhala kukumuvuta caka cina, caka cina n'kumuyendera. M'nyengo ya 2020-21 anabwerera pansi, osakwanitsa ngakhale mipira 30 mwa 100. Adani akadziwa zimenezi amamusiya yekha kunja, n'kudzaza pafupi ndi dengu, ndipo nguli ija imasowa pozungulira. Pa mipira yoponya mwaulere mdani akalakwa, amagoletsa pafupifupi itatu mwa inai, ciwerengero cabwino ndithu, koma cosafika pa akatswiri oponya.

Cofooka caciwiri cinaoneka Kawhi Leonard atacoka ku Toronto mu 2019, katundu yense wa timu n'kugwera iye. Mu 2020, pa masewera asanu ndi awiri olimbana ndi Boston Celtics, anamuikira alonda amphamvu amene anaphunzira kuzungulira kwake, ndipo anasowa njira ina. Toronto inatuluka mu mpikisano, iye n'kulandira mau onyoza ambiri, ena a tsankho la mtundu. Zinaonetsa kuti Siakam amawala kwambiri akakhala ndi mnzake womugawira mpira kusiyana ndi pamene aliyense akuyang'ana iye yekha.

Cacitatu ndi mtima. Kumapeto kwa 2020, atacotsedwa m'bwalo cifukwa ca kuculuka kwa zolakwa, anacoka mokwiya masewera asanathe, ndipo timu inamulanga pomukhazika pansi masewera otsatira. Thupi nalo linayamba kudandaula: mu 2021 anacitidwa opaleshoni ya phewa.

Galu wamkota sakandira pacabe

Mu Januwale 2024 anasamutsidwira ku Indiana Pacers, ndipo caka comweco anasaina pangano la zaka zinai la madola oposa 189 miliyoni. Ambiri anafunsa ngati n'kwanzeru kulipira motero munthu wa zaka 30 amene cuma cake ndi miyendo. Yankho linabwera mu 2025. Pokhala ndi Tyrese Haliburton womugawira mpira, mphindi zake zinacepa, kuponya kwake kwa patali kunafika pafupifupi 39 mwa 100, ndipo polimbana ndi New York Knicks anagoletsa mapointi 39 pa masewera aciwiri ndi 31 pa acisanu ndi cimodzi, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana wa ndimeyo. Pa ndime yotsiriza Indiana inagonja kwa Oklahoma City Thunder pa masewera acisanu ndi ciwiri, Haliburton atavulala mwendo koyambirira. Mutu umodzi susenza denga.

Funso la ukalamba likadalipo. Liwiro ndilo limayamba kuthawa wosewera akapyola zaka 30, ndipo amene amakhalitsa ndi okhawo amene amasinthanitsa miyendo ndi nzeru: kudziwa poima, nthawi yoponya ndi nthawi yopatsira mnzake. Zaka za ku Indiana zinaonetsa kuti Siakam anayamba kusintha kotereku nthawi ikadalipo.

Kwa ife a kuno kwathu

Basiketibolo si yacilendo mu Lusaka. Tili ndi matimu monga Matero Magic, Munali Suns, Green Buffaloes ndi UNZA Pacers, tili ndi mabwalo a OYDC amene anatsegulidwa mu 2010, ndipo kuyambira mu 2021 Africa ili ndi mpikisano wakewake wa BAL. Mwana wa ku Kamwala ali ndi poyambira. Koma tisanamizane: NBA ili ndi matimu 30 okha, ndipo malo a osewera ndi pafupifupi 450 pa dziko lonse lapansi. Siakam anadutsa pa khomo lopapatiza limeneli atatsiriza sukulu ndiponso kudzera ku yunivesite. Mnyamata wosiya mabuku cifukwa ca mpira akutseka khomo lomwelo limene akufuna kulowera.

Kwa makolo, nkhaniyi ili ndi mau ake. A Tchamo anafuna wansembe, koma mwana atasankha njira ina sanamutaye, ndipo mwanayo mpaka lero amanyamula dzina la banja kumsana. Kwa aphunzitsi a masewera m'masukulu ndi m'maparishi athu, tikuti musafulumire kubweza mnyamata wamtali wosadziwa kugwira mpira, cifukwa wina woteroyo anayamba ali ndi zaka 17. Ndipo kwa inu acinyamata, mukamakangana za akatswiri, funsaninso cimene wosewerayo sankatha caka catha cimene akutha caka cino, kenaka mudzifunse funso lomwelo inu eni.