Ndalama ali nazo, koma popanda nkhoswe nyumba palibe

M'MABOMA athu a kum'mawa, kucokera ku Nyimba kufikira ku Lundazi, muli mabanja amene ali ndi mwana kapena mdzukulu wogwira nchito ku Mangalande. Ena ndi anamwino m'zipatala, ena asamalira nkhalamba, ena anapita ku maphunziro nakhazikika komweko. Makolo akamva kuti mwana walembedwa nchito ndipo alandira malipiro a mapaundi, mitima imakhala pansi. Koma pali bvuto limodzi limene ana amenewa sakonda kulichula pa foni, ndipo ndilo tifuna kufotokozera awerengi athu sabata ino. Munthu wamkulu, wa nchito yace ndi ndalama zace ku banki, amakanizidwa nyumba ya lendi kufikira atapeza munthu wina womsainira.

Womsainirayo Angerezi amamucha guarantor. Ife pano timuche nkhoswe, popeza ndilo dzina limene liyandikirako. Koma tisanamizane, ankhoswe awiriwa safanana. Nkhoswe ya ukwati kwathu imakhala pakati pa mabanja awiri, imamva madandaulo a mbali zonse, imadzudzula ndi kuyanjanitsa. Nkhoswe ya nyumba ku Mangalande siyanjanitsa munthu. Nchito yace ndi imodzi yokha: kulipira lendi ndi zoonongeka zonse ngati wokhala m'nyumbayo walephera.

Zimayamba motere. Munthu akaikonda nyumba, ejenti wa mwini nyumba amatumiza dzina lace ku kampani yofufuza. Kampaniyo imaona makalata a malipiro, imafunsa kumene agwira nchito, imafunsa mwini nyumba amene anakhalako kale, ndipo imayang'ana mbiri yace ya ngongole. Kawirikawiri muyeso umene makampaniwa atsata ndi wakuti malipiro a munthu a caka conse akhale lendi ya mwezi umodzi kuwirikiza ka 30. Ngati nyumba ndi ya mapaundi 1,000 pa mwezi, afunika kulandira mapaundi 30,000 pa caka.

Tsopano taonani ici. M'caka ca 2024, namwino woyamba kumene nchito m'zipatala za boma za NHS anali kulandira mapaundi 29,970 pa caka. Pa nyumba ya mapaundi 1,000 ija, namwino wotere anali kuperewera ndi mapaundi 30 okha, ndipo kompyuta siidziwa kukhululuka mapaundi 30. Wolemba nchito wace ndi boma lenileni, malipiro ace sacedwa ndi tsiku limodzi lomwe, koma yankho likhoza kubwera lakuti apeze nkhoswe. Mu mzinda wa London, kumene m'caka ca 2025 lendi ya nyumba wamba inapitirira mapaundi 2,000 pa mwezi, phiri lace ndi lalitali koposa, ngakhale kuti anchito a kumeneko amaonjezeredwa pang'ono pa malipiro.

Si acilendo okha amene akhumudwa pa mwala umenewu. Mngerezi wopuma pa nchito amene wagulitsa nyumba yace ndipo ali ndi ndalama zambiri ku banki akhoza kulephera, cifukwa muyeso uwerenga zolowa mwezi ndi mwezi, osati zosungidwa. Mmisiri wodzilemba yekha nchito, amene mwezi wina apata zambiri ndi mwezi wina zocepa, nayenso amabvutika. Kotero zimacitika kuti munthu wa imvi, amene analera ana nawakwatitsa, afunsidwa ngati makolo ace angamsainire. Koma mlendo ndiye ali pa moto weniweni. Iye alibe mbiri yoipa ya ngongole. Alibe mbiri iri yonse. Zaka khumi zimene analipira lendi mokhulupirika ku Kabwata kapena ku Kapata sizilembedwa m'mabuku a ku Mangalande, ndipo kwa ofufuzawo ali ngati munthu wobadwa dzulo.

Nanga nkhosweyo akhale ndani? Apa ndi pamene nkhani iwawa. Nthawi zambiri afunika kukhala munthu wokhala m'dziko lomwelo, wa malipiro oposa a wolowa m'nyumbayo, kawirikawiri lendi kuwirikiza ka 36, ndipo eni nyumba ambiri afuna kuti akhale ndi nyumba yaceyace. Atate a namwino uja angakhale ndi khola lodzaza ng'ombe ku Katete, ngolo, cigayo ndi munda waukulu wa thonje. Dzina lao silingalandiridwe. Cifukwa cace ncosabisika. Mwini nyumba safuna munthu wolemera cabe, afuna munthu amene khoti la ku Mangalande lingamufike msanga. Kulondola ngongole kufikira ku Katete kungamdyere ndalama zoposa ngongoleyo.

Zinayamba bwanji?

Kale anthu ambiri a malipiro ocepa m'dzikolo anali kukhala m'nyumba za khonsolo. M'caka ca 1980 boma la Margaret Thatcher linapatsa okhalamo ufulu wogula nyumbazo pa mtengo wotsika, ndipo zinagulidwa pafupifupi mamiliyoni awiri, koma zomangidwa m'malo mwace zinali zocepa. Akulu a kwathu akumbukira kuti zofanana ndi izi zinacitika kuno mu 1996, pamene a Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Ogula anakondwa, koma obwera pambuyo anapeza khonsolo iribe nyumba. Ku Mangalande, lamulo la 1988 linapatsanso eni nyumba mphamvu zoika lendi monga afunira ndi zoturutsa munthu popanda kuchula colakwa. Nyumba za lendi za anthu wamba zinacuruka, kufikira kuti pafupifupi banja limodzi pa mabanja asanu ali onse likhala m'nyumba yotere. Ofuna nyumba acuruka kuposa nyumbazo, ndipo pamene anthu ambiri alimbirana khomo limodzi, mwini wace asankha amene wabwera ndi zikole zambiri.

Zinthu zina ziwiri zinasonkhezera moto. Kuyambira pa 1 Juni 2019, lamulo linaletsa eni nyumba ambiri kutenga ndalama za cikole zoposa lendi ya masabata asanu. Linali lamulo labwino, lothandiza osauka, koma linatseka njira imene munthu wa ndalama anali kutsimikizira nayo kuti sadzathawa, ndiyo kupereka cikole cacikulu. Kenaka mu Malici 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, boma linaimitsa kuturutsa anthu m'nyumba, ndipo milandu inaunjikana m'makhoti. Eni nyumba ena anakhala miyezi yambiri osalandira kanthu. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kugula inshuwalansi ya lendi, ndipo makampani a inshuwalansi salola kuteteza lendi ya munthu amene sanapambane pa kufufuza kuja, pokhapokha pakhale nkhoswe.

Tisaweruze eni nyumba onse ngati ankhanza. Pafupifupi theka la iwo ali ndi nyumba imodzi yokha ya lendi, ndipo ambiri anaigula ndi ngongole ya ku banki imene iyenera kubwezedwa mwezi uli wonse, lendi ibwere kapena isabwere. Mantha ao ndi omveka. Komabe mantha omveka akhoza kubala muyeso wokhota. Kufuna nkhoswe sikuyesa kukhulupirika kwa munthu, ndiponso sikuyesa cuma cace. Kuyesa ngati ali ndi mbale wa nyumba yace m'dzikomo. Mwana wa banja lolemera amene sanagwirepo nchito alowa m'nyumba mawa, atate ace atasaina. Mai wa zaka 45 amene agwira nchito usiku m'cipatala atsala panja.

Kwa zaka zambiri, osowa nkhoswe anali kupulumukira pa kulipiriratu lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, ena caka cathunthu. A kuno amene anasakako nyumba mu Lusaka adziwa za miyezi itatu yolipiriratu. Tsono ganizani miyezi khumi ndi iwiri, ya mapaundi. Panali mabanja amene anagulitsa ziweto kapena puloti kuti ndalamazo zikwane. Njira imeneyi Nyumba ya Malamulo ya ku London inaitseka ndi lamulo lochedwa Renters' Rights Act, limene linasainidwa mu Okutobala 2025, ndipo boma linaika tsiku la 1 Meyi 2026 kuti zigawo zace zazikulu ziyambe kugwira nchito. Lamuloli lithetsa kuturutsa munthu popanda cifukwa, ndipo liletsa kufuna lendi yolipiriratu yoposa mwezi umodzi. Linenanso kuti pa mapangano atsopano nkhoswe isafunsidwe lendi ya masiku a pambuyo pa imfa ya amene inamuimira, cifukwa panali makolo amene analandira makalata a ngongole ali pa maliro a mwana wao.

Zonsezi nzabwino. Koma lamulo lomweli silinaletse kufuna nkhoswe, ndipo silinanene kuti munthu wa malipiro okwanira asafunsidwe nkhoswe. Cikole cacepetsedwa, kulipiriratu kwaletsedwa, kuturutsa munthu kwabvuta. Cotsala m'manja mwa mwini nyumba wamantha ndi nkhoswe basi. Ife tiona kuti mlendo wa ndalama zace, amene kale anali kudzigulira khomo ndi ndalamazo, ndiye amene adzamva kuthina kwace.

Amalonda sanagone. Pali makampani amene amakhala nkhoswe ya munthu akawalipira, ndipo malipirowo sabwezedwa ngakhale munthu asaphonye mwezi ndi umodzi womwe. Akaphonya, kampani ilipira mwini nyumba, kenaka itembenukira iye kufuna ndalama zace. Dziko la France linayenda njira yina: kuyambira mu 2016 kuli cikonzero cochedwa Visale, cimene ciimira acinyamata ndi anchito ena kwa eni nyumba popanda malipiro.

Kwa wopemphedwa kusaina

Kumene ana athu amathamangira ndi kwa anzao a kwao amene anafika kale, kapena kwa akulu a mpingo. Kukana mnzako wa mudzi umodzi m'dziko la eni nkobvuta, ndipo tonse tinakula tikumva kuti cibale ndi fupa, siciola. Koma wosaina ayenera kudziwa cimene asenza. Lonjezo lolipira ngongole ya munthu wina ligwira nchito pa khoti likalembedwa ndi kusainidwa, monga mwa lamulo la ku Mangalande la caka ca 1677 lochedwa Statute of Frauds, limene makhoti a kuno ku Zambia nawonso amalitsata, popeza tinalilandira pamodzi ndi malamulo ena akale a Angerezi. Dzina likalembedwa, mau akuti ndinangomthandiza cabe sapulumutsa munthu.

Msampha waukulu uli pa nyumba yokhalamo anthu angapo pa pangano limodzi. Anamwino atatu akatenga nyumba pamodzi, nkhoswe ya mmodzi ikhoza kufunsidwa lendi ya onse atatu, ndi ya mlendo amene sinamuonepo nkhope, ngati cikalata sicinalekanitse. Msampha wina ndi wa nthawi: zikalata zina zimanga nkhoswe kwa masiku onse amene munthuyo adzakhale m'nyumbamo, ngakhale lendi ikwere, ngakhale awiriwo adane. Nkhoswe ikalephera kulipira, mlandu upita ku khoti, dzina lace liipa m'mabuku a ngongole, ndipo khoti likhoza kumangirira ngongoleyo pa nyumba yace. Ncifukwa cace wanzeru amapempha kuti cikalata cichule mwezi umene udindo wace udzatha, malire a ndalama zimene angafunsidwe, ndi kuti aimira gawo la munthu mmodzi yekha. Mabungwe a Shelter ndi Citizens Advice amapereka uphungu pa zikalata zotere kwaulere.

Kwa inu makolo amene mwana wanu akonzeka ulendo, mufunseni mafunso awa asanagule tikiti ya ndege. Kodi olemba nchito adzampatsa pogona kwa masabata angati? Zipatala zina zimasunga anamwino acilendo m'nyumba zao kwa kanthawi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo yotsegulira buku ku banki ndi kusonkhanitsa makalata a malipiro. Kodi adzamlembera kalata yotsimikiza nchito ndi malipiro ace? Kodi khonsolo ya kumene apita, kapena yunivesite ngati ndi wa sukulu, iri ndi cikonzero coimira anthu kwa eni nyumba? Zina ziri naco. Ambiri amayamba ndi cipinda cimodzi m'nyumba imene mwini wace akhala momwemo, kumene nkhoswe siifunidwa kawirikawiri, ndipo amasamuka pakapita miyezi, ali ndi kalata ya mwini nyumba woyambayo m'manja.