Namwino Ayeza Wodwala Kuyambira Kumutu Mpaka Kuphazi

Pa 11 February Eklezia amakumbukira Amayi Maria a ku Lourdes, ndipo kuyambira chaka cha 1993 tsikuli ndi Tsiku la Odwala pa Dziko Lonse, monga adakhazikitsira Papa John Paul II. Ambiri mwa inu mudagonapo pansi m'chipatala podwazika m'bale wanu. Mwina mudadandaula mumtima kuti: "Mwana wanga akudwala m'mimba, nanga namwinoyu akum'tembenuziranji zikope? Achedweranji kulemba m'malo mopereka mankhwala?" Lero tiyeni timvetse ntchito imeneyi, pakuti moyo wa wodwala wathu umadalira kwambiri pa iyo.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Koma khanda silinena pamene pakupweteka, ndipo munthu wokomoka sayankha. Ngakhale wamkulu amangotchula chimene chikumuwawa, pamene nthenda yoopsa imabisala pena. Ndiye chifukwa chake namwino amayeza thupi lonse mwadongosolo, kuyambira kumutu kutsikira kumapazi, kuti asadumphe chiwalo chilichonse.

Asanagwire wodwala, namwino amasamba m'manja, amapereka moni, amafunsa dzina, napempha chilolezo, ndi kutchinga nsalu kuti munthu asachite manyazi. Kenaka ayeza zizindikiro zazikulu za moyo. Thupi la munthu wamkulu wathanzi limatentha pafupifupi madigiri 37. Mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20. Kuthamanga kwa magazi kukamafika 140 pa 90 kapena kupitirira apo kawirikawiri, ndiye kuti kwakwera. Ana amapuma mofulumira kuposa akulu. Komabe mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu amene akutsokomola ndi kupuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi, namwino amamuganizira chibayo.

Tsono ayamba kumutu. Aona ngati wodwala ali maso, ngati akudziwa kumene ali, ndi ngati akulankhula zomveka. Kwa akulu pali muyeso wa ku Glasgow, wa chaka cha 1974, umene umayambira pa 3 kulekeza pa 15. Kwa ana osadziwa kulankhula pali muyeso wa ku Blantyre, umene adaukonza kuno kwathu madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ndi anzawo posamala ana odwala malungo a mu ubongo. Uwu umayambira pa 0 kulekeza pa 5. Namwino akatembenuza chikope napeza m'kati moyera, adziwa kuti magazi achepa. Maso achikasu amaloza ku chiwindi kapena ku kuswekasweka kwa magazi. M'kamwa mouma ndi maso olowa m'kati zimasonyeza kuchepa kwa madzi m'thupi. Khosi louma losapindika, pamodzi ndi kutentha thupi, ndi chizindikiro chofuna dokotala msanga.

Pa chifuwa ayang'ana ngati mbali zonse ziwiri zikukwera mofanana, namvetsera mapapo ndi mtima ndi chida chomvera chija chimene amachikoleka m'khosi. Pa mimba ayamba wayang'ana, kenaka amvetsera kulira kwa matumbo, ndipo potsiriza ndi pamene apapasa, kumalizira pamene pakupweteka. Afunsanso za mkodzo ndi chimbudzi; musachite nazo manyazi. Atembenuza wodwala kuti aone kumsana, m'chiuno ndi zidendene, pakuti munthu wogona mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda m'malo amenewa. Ku miyendo adina khungu ndi chala kuti aone ngati patsala kadzenje. Kutupa kwa mapazi onse awiri mwa mwana kumasonyeza kuperewera koopsa kwa zakudya. Mwa wamkulu kungachokere ku mtima kapena impso. Wodwala shuga amamuyang'ana ngakhale pakati pa zala zakumiyendo, popeza bala limayamba iye osalimva.

Zonsezi zikatha, namwino amalemba. Alemba tsiku, ola, chimene wodwala wanena ndi chimene iye waona, nasaina dzina lake. Akalakwitsa safufuta, amadula mzere umodzi pa mawuwo kuti aonekebe. Kulembaku sikutaya nthawi ayi. Taganizirani mwana amene madzulo adapeza 4 pa muyeso wa ku Blantyre, ndipo pakati pa usiku wapeza 2. Namwino wa usiku sadamuone madzulo; chimene chimuuza kuti mwanayo akutsika ndi pepala lija, ndipo athamangira dokotala. Pakadapanda kulemba, bwenzi akuti mwanayo wangogona tulo. Florence Nightingale, amene adapita kukasamala asilikali ku Scutari m'chaka cha 1854, adaonetsa ndi ziwerengero zolembedwa kuti ambiri ankafa ndi matenda opeweka kuposa mabala a nkhondo, ndipo zimenezo zidasintha kasamalidwe ka zipatala.

Nanga ife mbali yathu ndi iti? Choyamba, tinene zoona. Ngati wodwala wamwa mankhwala azitsamba kapena mapiritsi ogula kumsika, tiulule, ndi kunena tsiku lenileni limene matenda adayamba. Kubisa chifukwa choopa kudzudzulidwa kungasokeretse woyezayo. Chachiwiri, tisunge kabuku ka kuchipatala pouma, ndi kupita nako ulendo uliwonse. Chachitatu, wodwazika akaona kusintha, monga kukomoka, kubanika kapena kukana kuyamwa, aitane namwino nthawi yomweyo, asadikire kuti kuche. Inu akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, pokayendera odwala m'midzi, tsegulani maso: onani ngati nkhalamba yogona ikutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, ndipo mukaona choopsa limbikitsani banja kupita kuchipatala pamene wina akukaitana wansembe. Koma zimene mwaona pa thupi la mnzanu ndi chinsinsi, zisafike pachitsime.

Msamariya wachifundo uja sadaime patali. Adayandikira, naona mabala, nawatsuka, ndipo pochoka adasiya malangizo kwa mwini nyumba ya alendo. Namwino woyeza mosamala ndi kulemba mokhulupirika akuyenda m'mapazi omwewo, pakuti thupi limene akuligwira lidatsukidwa m'madzi a ubatizo ndipo lidzauka pa tsiku lomaliza. Tiwapempherere anamwino athu, makamaka ogwira ntchito usiku ali ochepa pakati pa odwala ambiri, kuti Camillus de Lellis woyera, nkhoswe yawo, awapemphere maso openyetsetsa ndi manja ofatsa. Ambuye akhale nanu nonse.