Mlonda wa Pachipata cha Selo

Makolo athu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa bwino kuti ukathira feteleza patsinde penipeni pa chimanga, nthaka ili youma, chimangacho chimapsa. Nanga chimapsa ndi moto wanji?

Chamoyo chilichonse chinapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo iliyonse yakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kamene kali ngati mlonda wa pachipata. Madzi kamawalola kudutsa, koma mchere ndi shuga sizilowa chisawawa ayi. Madziwo amachoka kumene mchere wachepa n'kupita kumene wachuluka, ndipo m'kalasi la Biology timati imeneyi ndi osmosis. Tsono feteleza akaunjikana pamizu, madzi amatuluka m'mizumo kulowa m'nthaka, mbewu n'kufota. N'chifukwa chake alangizi amati tizibaya kadzenje potalikirako ndi phando.

Nkhaniyi simathera kumunda. Tizilombo ta kolera timatulutsa poizoni amene amachititsa maselo a m'matumbo kutaya mchere, madzi n'kumatsatira, mpaka munthu kuuma thupi tsiku lomwelo. Mliri wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno.

Koma taonani chodabwitsa. Mu 1960 Robert Crane anafotokoza kuti m'matumbo muli kakhomo kamene mchere ndi shuga zimalowera limodzi; china chikasowa, chinzake sichidutsa. Kolera sawononga kakhomo kameneka. Ziwirizi zikalowa m'maselo, madzi amazilondola kubwerera m'thupi. Mu 1971 Dr Dilip Mahalanabis anapulumutsa anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Bangladesh powamwetsa madzi a mchere ndi shuga, madiripi atamuthera. Kwa ine, sayansi yokoma ndi yotereyi, yoti ndi agogo omwe angathe kuigwiritsa ntchito.

Ngati paketi ya Thanzi ORS palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo wodwala azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Chonde, amayi ndi abambo, musaonjezere shuga poti mwana akukana kumwa. Shuga akachuluka amakoka madzi kuchoka m'thupi kulowa m'matumbo, monga feteleza uja pamizu, ndipo kutsegula m'mimba kumangokulirakulira.