Phulusa la mapesi lili ndi chiyani?

Ine ndine wa Physics, choncho ndikaona chomera funso langa limakhala limodzi: kulemera konseku kwachokera kuti? Ambiri mwa inu mumayankha kuti m'dothi.

M'zaka za m'ma 1600, Jan Baptist van Helmont wa ku Brussels adayesa zimenezi. Adabzala kamtengo ka makilogalamu awiri ndi pang'ono mumphika, n'kumangokathirira madzi. Patatha zaka zisanu mtengo uja udafika makilogalamu pafupifupi 77, koma dothi lidapepuka ndi magalamu osakwana 60. Iye adati zonse zachokera m'madzi. Apa mkuluyu adaphonya, poti gawo lalikulu limachokera ku mpweya wa carbon dioxide.

Nanga timagalamu tija? Timeneto ndiye ma mineral amene mizu imayamwa atasungunuka m'madzi. Mukatentha mapesi, phulusa lotsalalo ndi potassium, calcium, magnesium ndi phosphorus. Chidulo chimene agogo amatcheza pophika therere chimafewetsa ndiwo chifukwa cha potassium wa m'phulusamo.

Ndi ochepa, koma akasowa chomera chimaonetsa. Popanda magnesium, chlorophyll sapangika. Nitrogen akachepa, masamba am'munsi a chimanga ndi amene amayamba kuchita chikasu, chifukwa chomera chimamusamutsira ku masamba anthete.

Koma nitrogen yekhayo m'phulusa simumupeza. Moto umamuulutsira m'mwamba. Ndiye mukasonkha moto pa mapesi pososa m'munda, mukutaya nitrogen yemweyo amene makolo anu adzamugule m'thumba la urea mvula ikagwa. Kwathu mapesi timangowakwirira.